Cape Town ndi ana osinkhuka: komwe tinapita ndi momwe tinayendera

Mwana wa zaka zisanu savuta paulendo. Komwe mwamutengera wapita, mukamugulira ayisikilimu tsiku lakoma. Koma mwana amene wafika ku sekondale ndi nkhani ina. Ali ndi maganizo ake, zomwe inu mukuziona zodabwitsa iye amaziona zotopetsa, ndipo akanyansidwa salira ayi, amangolowetsa mutu mufoni n'kukusiyani mukulankhula nokha. Anzanga angapo akhala akundifunsa momwe tinayendera ku Cape Town ndi achinyamata atatu, mtsikana wathu wa Fomu 4, mlongo wake wa Fomu 2, ndi mwana wa achemwali anga yemwe ali pakoleji, popanda kukangana tsiku ndi tsiku. Ndaona kuti ndingolemba kamodzi kuti athandizike ambiri.

Chomwe chinatithandiza kuposa china chilichonse chinachitika tisanakwere ndege. Bambo awo anawakhazika pansi n'kuwauza kuti aliyense asankhe malo omwe akufuna kukaona, awerenge za malowo pa intaneti, ndipo tsiku lopita kumeneko iyeyo ndiye atitsogolere. Ayang'ane mapu, adziwe nthawi yotsegulira, agule matikiti, anene komwe tikadye. Ife makolo tinangotsala ndi mphamvu yokana pa zinthu ziwiri, ndalama ndi chitetezo. Mwana amene akutsogolera sadandaula kuti miyendo yatopa, ndipo anzakewo amapirira podziwa kuti mawa ndi tsiku lawo.

Za mapepala ndinene mwachidule. Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa mu South Africa popanda viza ngati sakhalamo masiku opitirira 30, ndipo wopyoza masikuwa amaletsedwa kulowanso kwa nthawi ndithu. Pasipoti iliyonse ikhale ndi masamba opanda chidindo. Mwana wosakwana zaka 18 mumutengere kalata yake yobadwira, ndipo ngati kholo limodzi latsala kunyumba, kapena mwatenga mwana wa m'bale wanu, mukhale ndi kalata yachilolezo yosainidwa pamodzi ndi makope a ziphaso za makolowo. Ife tinakwera ndege pa Chileka, kukatsika ku Johannesburg, n'kukwera ina ya maola awiri. Musaganize kuti ukafika ku Joni ndiye kuti Cape Town yayandikira, pamsewu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Nthawi ndi imodzimodzi ndi yakwathu, wotchi simuikhudza. Koma mapulagi athu a mano afulati salowa m'masoketi a kumeneko, omwe ndi a mabowo ozungulira. Gulani adaputala mukangofika, ndipo m'banja la mafoni asanu mugule ziwiri kapena zitatu ngati mukufuna mtendere.

Tsono mfumu ya mzinda umenewu ndi mphepo. Tinapita pa holide ya Disembala, nyengo yotentha kumeneko, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. M'miyezi imeneyi kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo ikakula amatseka kabasi koyenda pachingwe kokwerera Table Mountain, maboti opita ku Robben Island nawo sanyamuka. Chifukwa cha ichi, malo awiriwa muwaike kumayambiriro kwa ulendo wanu kuti akalephereka mukhale ndi masiku ena oyesanso. M'mawa uliwonse wotsogolera tsikulo ankayamba ndi kusuzumira pawindo. Phiri likaoneka loyera mpaka pamwamba, tinkasiya zonse zomwe tinakonza n'kupita kuphiri. Likafunda mtambo, tinkalowa m'tauni.

Table Mountain anasankha ndi mnyamata wathu. Iyeyu anakwerapo Mulanje ndi anzake akusukulu, ndiye atawerenga kuti malo okwera kwambiri pa Table Mountain, otchedwa Maclear's Beacon, ndi mamita 1,086 okha pomwe Sapitwa ndi mamita 3,002, anati limeneli si phiri, ndi chulu. Anaumirira kuti akwere wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge. Bambo ake ndi anzake awiriwo anapita naye, ine mawondo anga sindinafune kuwayesa. Njirayi ndi masitepe amiyala okhaokha, chitunda cha mamita pafupifupi 700 mopanda mthunzi weniweni, ndipo munthu wamba amatha maola awiri kapena atatu. Anafika pamwamba atasiya kunyoza. Ngati ana anu ali ndi mphamvu, aloleni akwere chonchi, chifukwa chimenechi ndiye amakasimbira anzawo. Anyamuke kusanatenthe, aliyense ndi botolo lalikulu la madzi, chipewa, nsapato zogwira ndi juzi, poti pamwamba pamazizira ngakhale m'tauni anthu akutuluka thukuta. Potsika mugule tikiti ya kabasi ya ulendo umodzi, koma mutsimikize kuti kakuyenda tsikulo, apo ayi mutsikanso wapansi.

Kabasiko kanayamba kuyenda mu 1929, ndipo komwe kalipo panoka, ka mu 1997, kamanyamula anthu 65 ndipo pansi pake pamazungulira kakamakwera, moti simuyenera kulimbirana windo. Ndi mphindi zisanu zokha. Tikiti mugulire pa intaneti ndipo mufike m'mawa, chifukwa mu Disembala mzere wake umatalika zedi. Pamwamba mukapeza mbira zikuwothera dzuwa pamiyala, zosaopa anthu. Musazipatse chakudya, zimaluma.

Ku Robben Island ndi komwe ndinkaopa kuti ana atopa, koma ndi komwe analankhula zambiri pobwerera. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway padoko la V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse, kupita, kuzungulira ndi kubwera, umadya maola pafupifupi anayi. Matikiti amatha masiku angapo tsikulo lisanafike, ndiye mugule mukadali kumudzi. Amene amachita chizungulire pamadzi amwe mankhwala asanakwere, nyanja iyi mafunde ake ndi aakulu.

Mukafika amayamba akuyendetsani pa basi. Mumadutsa manda a anthu akhate, pakuti chilumbachi chisanakhale ndende ya andale chinali malo otayirako odwala khate ndi amisala. Kenako mumaima pa kanyumba komwe anasungako Robert Sobukwe, mtsogoleri wa PAC, chipani cholimbana ndi tsankho, kuyambira 1963 mpaka 1969. Iyeyu anali atamaliza kale chilango chake, koma boma la tsankho linapanga lamulo lapadera loti azingomusungabe, payekha, osaloledwa kulankhula ndi akaidi anzake. Ana athu anali asanamvepo dzina lake, ndipo mtsikana wathu anadabwa kuti munthu woopedwa chotere sadziwika ngati Mandela. Pambuyo pake mumafika pa mgodi wa laimu komwe akaidi ankaswa miyala padzuwa, kunyezimira kwake n'kuwawononga maso. Pamenepo pali kaphanga komwe ankapumira n'kumaphunzitsana, wodziwa kuwerenga kuphunzitsa wosadziwa, ndiponso mulu wa miyala womwe akaidi akale anaunjika atakumananso pamalopo mu 1995.

M'ndende mwenimwenimo amakuyendetsani ndi munthu yemwe anamangidwapo momwemo. Wathu anali bambo wachikulire wolankhula mofatsa. Anationetsa chikwangwani cha kagawidwe ka chakudya, chosonyeza kuti ngakhale m'ndende tsankho linalipo, mkaidi wakuda ankalandira zochepa poyerekeza ndi mmwenye kapena mkaladi, ndipo zaka zoyambirira akuda ankavekedwa makabudula ngakhale m'nyengo yozizira. Chipinda cha Mandela, mkaidi nambala 466/64, ndi chaching'ono moti munthu wamtali akagona mutu ndi mapazi zimatsala pang'ono kugunda makoma. Anakhalamo zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982, mwa zaka 27 zomwe anakhala m'ndende.

Langizo langa apa ndi lakuti makolo mutseke pakamwa. Musayime pambali pa mwana n'kumamuuza kuti waona, uziyamikira ufulu. Asiyeni afunse okha. Tili m'boti pobwerera mtsikana wathu anati, “Amayi, nanga kwathu akaidi andale ankawasunga kuti?” Tinayamba kukamba za Mikuyu ku Zomba ndi za anthu omwe ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu nthawi ya chipani chimodzi, nkhani yomwe pakhomo pathu tinali tisanaikambepo. Bambo awo, omwe salankhulalankhula, anasimba zomwe ankamva ali mnyamata mpaka boti linafika padoko.

Pamene muli padoko pomwepo, auzeniko ana za Clements Kadalie. Anabadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, mu 1896, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo anafika ku Cape Town mu 1918. Mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU pakati pa anthu onyamula katundu padoko limeneli, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anatsogolera sitalaka yomwe inaimitsa ntchito padokopo. Pofika mu 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, lalikulu kuposa bungwe lina lililonse la anthu akuda m'dzikomo nthawi imeneyo. Lero pamalopo pali masitolo odula ndi malo odyera, ndipo alendo ambiri amadutsa osadziwa kuti Mtonga wa kunyanja anagwedezapo dziko. Mwana wa achemwali uja, yemwe amakonda zandale, nkhaniyi inamugwira mtima moti usiku wonse anali pafoni kufufuza zambiri.

Tsiku loyenda wapansi m'kati mwa tauni anatsogolera ndi iyeyo. Tinayambira mu Company's Garden, munda womwe Adatchi a Jan van Riebeeck anayamba kulima mu 1652 kuti azipezamo ndiwo zamasamba za amalinyero opita ku India. Kulowa ndi kwaulere, ndipo agologolo ake amabwera kudzadya m'manja. M'mundamo muli chiboliboli cha Cecil Rhodes atatambasula dzanja kuloza kumpoto, komwe ndi kwathu kuno. Ana omwe anaphunzira za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 dzinali amalidziwa. Chinzake chomwe chinali pa yunivesite ya Cape Town ophunzira anachita zionetsero mpaka chinachotsedwa mu Epulo 2015. Funso lakuti ziboliboli zotere zizichotsedwa kapena zizisiyidwa linawakanganitsa atatuwa mpaka pa nkhomaliro, ndipo ine ndinangowasiya.

Kumapeto kwa mundawo kuli Slave Lodge, nyumba yomangidwa mu 1679 yosungiramo akapolo a kampani ya Adatchi, omwe ankachokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi ku Mozambique. Muli nkhani ya sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, yomwe inasweka pamiyala kufupi ndi Clifton mu Disembala 1794 ikuchokera ku Mozambique kupita ku Brazil ndi akapolo oposa 400. Oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwa mu Cape Town momwemo. Munthu wochokera kuchigawo chathu chino sangawerenge zimenezi ngati nkhani ya anthu achilendo.

Malo omwe ndingakulimbikitseni kwambiri m'taunimo ndi District Six Museum, mumsewu wa Buitenkant. Ndi kanyumba kochepa, tchalitchi chakale cha Methodist, ndipo ola limodzi limakwana. District Six linali dera lomwe anthu a mitundu yonse ankakhala mosakanikirana pafupi ndi doko. Pa 11 Febuluwale 1966 boma linalengeza kuti derali ndi la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Cape Flats, kunja kwa tauni, nyumba zawo n'kugwetsedwa ndi mathalakitala. Pansi pa nyumbayi anajambulapo mapu aakulu a derali, ndipo eni ake akale anabwera kudzalemba mayina awo pamalo pomwe panali makomo awo. Zikwangwani za misewu yomwe kulibenso zapachikidwa m'mwamba. Mwana aliyense amene ali ndi kwawo amaimva nkhaniyi popanda womufotokozera. Mukatuluka, kamtunda pang'ono pali City Hall, pomwe Mandela analankhula kwa khamu la anthu atangotuluka m'ndende, pa 11 Febuluwale 1990. Pakhonde pomwe anayimapo anaikapo chiboliboli chake.

Koma zinthu zolemera chonchi musaziunjike. Robben Island, Slave Lodge ndi District Six zikatsatizana osapumira, ngakhale wamkulu mtima umalema. Ife tinkasinthanitsa, lero mbiri, mawa nyanja kapena phiri, ndipo tsiku lililonse linali ndi chinthu chachikulu chimodzi basi. Masana tinkabwerera kunyumba ana n'kukhala pa mafoni awo ola limodzi popanda wowadzudzula. Ndinaona kuti foni ukaipatsa nthawi yake siilanda nthawi ya zina.

Bo-Kaap, dera la nyumba zopakidwa utoto wowala m'munsi mwa Signal Hill, ndi malo omwe mtsikana aliyense wokhala ndi Instagram amawadziwa kale asanafike. Zithunzi ajambule, koma muwakumbutse kuti ndi makomo a anthu, sakwera pakhonde la eni popanda kupempha. Ambiri okhala kumeneko ndi Asilamu, zidzukulu za akapolo aja, ndipo mumsewu wa Dorp muli mzikiti wa Auwal wa mu 1794, wakale kuposa yonse m'dzikomo. Gulani masamusa ndi makoesister, timandasi tonunkhira zokometsera, toviika m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati. Ikakwana 12 koloko masana musadzidzimuke, pa Signal Hill amaomba mzinga tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi, mwambo wa zaka zoposa 200.

Tsiku lozungulira dera lonse la kum'mwera mpaka ku Cape Point limafuna galimoto. Tinabwereka ya tsiku limenelo lokha. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo obwereketsa ambiri amafuna khadi la kubanki lomwe angagwirepo ndalama ya chikole. Amene simufuna kuyendetsa, pali mabasi a alendo opita komweko. Tinadzera ku Camps Bay ndi Hout Bay, n'kulowa msewu wa Chapman's Peak, wosemedwa m'mbali mwa thanthwe pamwamba pa nyanja, makilomita 9 okhala ndi makona 114. Ndi wolipira, ndipo nyengo ikaipa amautseka.

Apa pali chinthu chomwe chingakupulumutsireni ndalama zambiri. Cape Point ndi Boulders ndi malo a SANParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungirako zachilengedwe, ndipo pageti pali mitengo itatu, wa eni dziko, wa nzika za mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kutali. Ife Amalawi, Azambia, Azimbabwe ndi a ku Mozambique tili mu SADC, koma amafuna kuona pasipoti ya aliyense. Mukaisiya kunyumba mulipira ngati mwachokera ku Ulaya. Chizolowezi chofunsa pageti lililonse ngati pali mtengo wa SADC kapena wa ana asukulu chikuthandizani m'malo enanso.

Ku Cape Point mumakwera wapansi kapena pa kasitima kufika pa nsanja yakale yowunikira sitima zapamadzi. Anthu ambiri amati apa ndiye pothera Africa ndiponso pokumana nyanja ziwiri, koma mnyamata wathu, atawerenga kale, anatikonza tonse kuti malo amenewo ndi Cape Agulhas, kutsogolo chakum'mawa. Anyani a kumeneko ndi akuba odziwa ntchito, amatsegula chitseko cha galimoto ndi zipi ya chikwama. Musadye poyera, ndipo mawindo atsekedwe.

Pobwerera mudzere ku Simon's Town mukaone mapengwini pa Boulders. Mbalamezi zinayamba kukhazikika pagombeli mu 1982, ndipo mtundu wake ukutha mofulumira chifukwa nsomba zomwe zimadya zachepa m'nyanja, moti mu 2024 unaikidwa m'gulu la zolengedwa zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Ndinkayesa kuti anyamata aziona ngati zachibwana, koma ndi amene anakana kuchoka. Kenako Kalk Bay, padoko la asodzi pomwe akatumbu a m'nyanja amagona pakonkire kudikira matumbo a nsomba. Pamenepo idyani nsomba ndi tchipisi. Nsomba ya snoek ili ndi minga yaitali koma yosavuta kuchotsa.

Za kusambira ndikuchenjezeni. Magombe okongola a Clifton ndi Camps Bay ali mbali ya Atlantic, ndipo madzi ake ndi ozizira ngati otuluka mufiriji ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ana ozolowera Mangochi ndi Salima analowa n'kutuluka akukuwa. Mbali ya False Bay ndi yofundirako, ndipo ku Muizenberg kuli masukulu ophunzitsa kuyimirira pathabwa pamafunde, amabwereketsa thabwa ndi chovala chake. Limeneli linali gawo la mtsikana wathu, ndipo ndalama yomwe tinalipira pamenepo sindinaidandaule. Paphiri pamakhala anthu oyang'anira shaki, amakweza mbendera ndi kuliza sayirini zikaoneka, ndipo ikalira aliyense amatuluka m'madzi. Kulikonse komwe mungasambire, khalani pakati pa mbendera za opulumutsa anthu. Mwana wodziwa kusambira m'nyanja yathu asadzithembe, kuno madzi amakokera munthu kuya.

Mtsikana yemweyo, poti amalota za udokotala, anatitengeranso ku Heart of Cape Town Museum pa chipatala cha Groote Schuur. Ndi m'zipinda zomwe Christiaan Barnard ndi gulu lake anachitiramo opaleshoni yoyamba padziko lonse yoika mtima wa munthu mwa munthu wina, pa 3 Disembala 1967. Wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala ndi moyo masiku 18. Malowa sapitako alendo ambiri ndipo amayenda ndi wofotokozera pa nthawi zoikika, choncho mulembetse pasadakhale. Zeitz MOCAA, nyumba ya zaluso zamakono za mu Africa yomwe inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya chimanga pa Waterfront, tinapitako Lachitatu m'mawa, nthawi yomwe nzika za mayiko a mu Africa zinkalowa ulere poonetsa pasipoti. Zina mwa zoonetsedwazo ine sindinazimvetse, koma momwe anabowolera nkhokwe zakonkire zija mkati mwake ndi zoti munthu akaone.

Pali mbali ina ya ulendowu yomwe siili m'mabuku a alendo. Cape Town yadzaza ndi Amalawi. Othira mafuta pa filing'i siteshoni, operekera zakudya, osamalira maluwa m'nyumba za mabwana, ambiri ndi ana akwathu. Tikudya ku Hout Bay, mnyamata wotiperekera chakudya anatimva tikulankhula, n'kuwerama pang'ono nati, “Pepani amayi, kumudzi ndi kuti?” Anali wa ku Mangochi. Ntchito itachepa anabwera kudzacheza, ndipo mnyamata wathu, yemwe kunyumba sakamba china koma zodzapita ku Joni akamaliza sukulu, anamufunsa mafunso ambirimbiri. Mnzathuyo sanabise. Anasimba za lendi ya kachipinda kamalata komwe amagona anthu angapo, za mantha a munthu amene mapepala ake anatha, za ndalama yomwe imatsala akatumiza kumudzi. Sananene kuti usabwere, anangoti, “Aphwanga, mubwere ndi pepala la sukulu m'manja.” Ine ndakhala ndikunena zomwezo zaka zambiri osamveka. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu wokhala ku Masiphumelele, Dunoon, Capricorn kapena Imizamo Yethu, konzani kuti adzakutengeni Lamlungu mukapemphere naye ndi kudya naye. Maulendo olipira okaona momwe osauka amakhalira, alendo akujambula ana a eni pawindo la basi, ine sandisangalatsa. Koma kukacheza kwa munthu amene wakuitanani ndi ulemu, ndipo ana amaona kuti mzinda wa pa Waterfront uja uli ndi kuseri kwake.

Ndalama ndiye mutu waukulu kwa ife, poti ndalama zakunja kwathu kuno zimasowa. Yambani kufunsa ku banki yanu miyezi ingapo ulendo usanafike, mudziwe malire a khadi lanu kunja, ndipo mulipiriretu zomwe zingalipiridwe muli kumudzi. Tinachita lendi nyumba yokhala ndi khitchini m'malo mwa hotela. Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse, ndiye madzulo nsima inalipo, m'mawa tiyi ndi buledi, kunja tinkadya kamodzi patsiku. Mwana aliyense tinkamupatsa marandi ake a tsikulo m'mawa, akatha atha. Mwana wopempha chilichonse chomwe waona amasanduka wowerengera ndalama ikakhala m'thumba mwake. Njala ikawapweteka onse pamodzi, gulani gatsby imodzi, buledi wamtali wodzaza tchipisi, nyama kapena soseji ndi sosi, chakudya chomwe chinayambira ku Athlone m'ma 1970. Imodzi imakhutitsa anthu anayi. M'malo odyera okhala pansi, woperekera amayembekezera kangachepe kosachepera 10 peresenti ya bilu, ndipo poti mwina ndi mwana wakwathu, musamumane.

M'tauni tinkayenda pa mabasi a MyCiTi, omwe salandira ndalama m'manja koma khadi lawo lomwe mumagula n'kuikamo ndalama, ndipo usiku tinkaitana Uber kapena Bolt. Basi yofiira yopanda denga ya City Sightseeing ndi yabwino tsiku loyamba kuti aliyense adziwe momwe mzinda wakhalira. Pa chitetezo malamulo athu anali ochepa koma osakambirana. Palibe woyenda yekha, foni siituluka m'thumba pamsewu wopanda anthu, kuphiri timapita pagulu ndiponso m'njira zodutsa anthu ambiri, ndipo pa ATM munthu wobwera kudzathandiza timamukana ngakhale atavala yunifolomu. Kuli akathyali omwe amauza alendo kuti akufunika chilolezo choyendera mumsewu wakutiwakuti ndipo alipire ndi khadi pamakina. Chilolezo chotere kulibe. Aliyense anali ndi adiresi ya komwe tinkagona papepala m'thumba, ndiponso simu khadi ya kumeneko yokhala ndi bandulo. M'malo otetezeka ngati Waterfront tinkawamasula atatuwo ayende okha maola awiri, n'kupangana pokumana, ife akuluakulu n'kukhala pansi kumwa tiyi.

Munda wa maluwa wa Kirstenbosch, womwe unakhazikitsidwa mu 1913, uli ndi mlatho wa mamita 130 woyenda pamwamba pa mitengo, ndipo m'chilimwe Lamlungu madzulo kumakhala oimba pabwalo la kapinga. Lion's Head, phiri losongoka la mamita 669, lili ndi makwerero ndi matcheni chakumapeto, ndipo ana olimba mtima amalikonda kuposa Platteklip. Mukakhala ndi mwayi wosankha nyengo, holide ya Pasaka ndi yabwino kuposa Disembala, mphepo imakhala itachepa, mizere yafupika, ndipo nyumba zogona zimatsika mtengo. Holide yaitali ya Ogasiti imagwa m'nyengo yamvula ndi yozizira kumeneko, ndiye mutenge majekete enieni ndipo muyang'ane ngati kabasi ka ku Table Mountain sikanatsekedwe kuti akakonze, poti amakonda kutero pakati pa chaka. Koma ndi nthawi yomweyo pamene anamgumi amafika kufupi ndi gombe ku Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera mu Cape Town, ndipo mumawaona mutayima pamtunda osalipira boti.